Makaniko wa injini za maboti woyenda pa njinga yamoto uja, patatha miyezi 9

Mlamu wanga wa ku Nkhotakota anandiimbira Lachiwiri usiku. Injini yake inazima ali pakati pa nyanja, alovi, anyamata ogwira ntchito m'boti, anagwira nkhafi mpaka mbandakucha. Funso lake linali limodzi: "Alamu, makaniko munkamutama uja mukadali naye? Nditumizireni nambala." Sindinamuyankhe nthawi yomweyo, chifukwa m'thumba la malaya anga munali kapepala ka K118,000 komwe makaniko yemweyo anandisiyira masana a tsikulo. Amene munawerenga zomwe ndinalemba mu Malichi zotama makaniko ameneyu munangomva mbali yokoma yokhayokha, ndiye ndaona kuti ndi bwino mumve ndi zinazo.

Ndili ndi boti limodzi lamatabwa pa doko la Nguwo ku Senga Bay, lophera nsomba ndi ukonde wa chilimira, ndipo limayendera injini ya 15 horsepower, ya masilinda awiri, yosakaniza petulo ndi oyilo. Ndinaigula yogwirapo kale ntchito kumapeto kwa 2023, kwacha itangogwetsedwa ndi 44 peresenti, pamene mtengo wa yatsopano unali utathawa moti munthu ngati ine sindikanaufikira. Wondigulitsayo anati yangoyenda chaka chimodzi. Pagombe inkalira bwino, kukoka chingwe kawiri basi yayaka. Vuto linali pamadzi. Ikayenda mphindi pafupifupi 40 inkayamba kutsokomola, kenako zii. Mukoke chingwe mpaka phewa kuwawa, ayi ndithu. Mukaisiya theka la ola, inkayaka ngati sipanachitike kanthu.

Anthu atatu anaigwira asanabwere uyu. Onse atatu anatsuka kabureta. Wina anasintha mapulagi, wina anati paipi ya mafuta ikulowa mpweya, wina anati alovi akuchulutsa oyilo. Aliyense ankailiza mu mgolo wa madzi kwa mphindi zisanu, imveke bwino, alandire zake, azipita. Usiku womwewo boti libwerere chokokedwa ndi anzathu. Amene muli ndi zida mukudziwa kuti usipa sudikira. Masiku a mdima ndi owerengeka pamwezi, mwezi ukawala nyali za siginala, zokopera usipa, zilibenso mphamvu, ndipo alovi akaona kuti boti lanu ndi lamavuto amasamukira kwa bwana wina osatsanzika. Mu Febuluwale ndinataya anyamata atatu mwanjira imeneyi.

Nambala yake ndinaipeza kwa mayi wina wogula usipa yemwe amazungulira madoko kuchokera ku Chipoka mpaka ku Chikombe. Anati kuli mnyamata alibe shedi, alibe chikwangwani, amangoyenda ndi njinga yamoto ndi bokosi lachitsulo kumbuyo. Ndinamuimbira, ndinafotokoza. Sanandiuze matenda pafoni ngati anzake aja. Anangofunsa kuti, "Bwana, ikazima imayakanso pakapita nthawi yayitali bwanji? Nanga madzi imakodza?" Ndinati madzi oziziritsa injini imakodza bwinobwino. Anati, "Ndibwera mawa, koma mundikonzere mafuta okwana, tikalowa limodzi m'nyanja."

Tsiku limenelo sindidzaliiwala. Tinanyamuka cha m'ma 9 koloko, ine, iyeyo ndi mlovi mmodzi, kulowera cha ku Namalenje. Iye anakhala pafupi ndi injini, chivindikiro atachotsa, sipanala ya pulagi ili m'manja, osalankhula. Titazungulira chilumba injini inayamba kutsokomola kuja, nkuzima. Pomwepo, isanazizire, anamasula pulagi yapamwamba, akuisinthasintha m'manja chifukwa cha kutentha, anaigunditsa pa chitsulo cha injini, nauza mlovi kuti akoke chingwe. Anaphimba ndi chipewa chake kuti dzuwa lisasokoneze, nandiitana. "Bwana, yang'anani apa. Mukuona moto?" Panalibe kanthu. Yapansi chimodzimodzi. Tinakhala tikuyandama, mafunde akumenya m'mbali mwa boti. Patapita nthawi anayesanso, ndipo kamoto kabuluu kanaoneka, thethethe, pakamwa pa pulagi. Anati, "Kabureta yanu ilibe mlandu. Koyilo ya pansi pa flywheel ikatentha ikusiya kupereka moto, ikazizira ikugwiranso."

Pagombe anatulutsa kachitsulo kokokera flywheel, kamabawuti atatu. Ena ndinawaonapo akumenya ndi hamala, zomwe zimaononga ulusi wa shafiti. Iye anamanga pang'onopang'ono mpaka inangoti phu. Koyiloyo inali yakuda mbali imodzi, yosweka ngati dothi la m'dambo mu Okutobala, ndipo mawaya ake anali olumikiza ndi tepi. Ndi pomwe ndinadziwa kuti injiniyi inatsegulidwapo kale, ndipo zoti yayenda chaka chimodzi zinali zongondinyengerera kuti ndigule. Wondigulitsa uja nditamuimbira anati sakudziwapo kanthu, kenako anasiya kuyankha.

Koyilo anakaigula yekha ku Lilongwe, anabwera nayo ili m'paketi yake pamodzi ndi lisiti. Zonse pamodzi, ulendo, ntchito ndi koyilo, ndinalipira K135,000. Kuyambira tsiku limenelo mpaka lero vuto lozima ikatentha silinabwererenso, ngakhale kamodzi. Pomwe ku chilumba cha Mbenje ankatsegulira usodzi mu Epulo boti langa linali m'gulu la opita, linakagwira utaka nkubwerera lokha. Pa ichi chokha ndimamupatsa ulemu mpaka pano.

Zina zing'onozing'ono anazichita bwino. Chingwe cholizira anasintha, sichinadukenso. Anaphunzitsa alovi kuyeza oyilo, theka la lita pa malita 25 a petulo, mmalo mongothira ndi maso. Anatiuza kuti tikamafika kosaya tizidzutsa mwendo wa injini kuti isamamwe mchenga. Amayankhanso pa WhatsApp, mukamutumizira kavidiyo ka mmene ikulirira amakuuzani choyamba kuyang'ana, osalipiritsa.

Mu Meyi anagwiranso china chomwe ine sindikanachiona. Anabwera kudzakonza boti la mnzanga, podutsa anaima pa langa, anagwira pulopela nkuizunguza. Anapempha kambale, anamasula kabawuti kapansi ka giya. Oyilo yemwe anatuluka anali woyererako ngati tiyi wothira mkaka. Atachotsa pulopela, kumbuyo kwake kunali ulusi wa ukonde utakulungana pa shafiti, wolimba ngati waya, ndipo unali utadya silu, kamphira kotchinga madzi, mpaka madzi kumalowa. Anati tikanapitiriza mwezi wina umodzi magiya akanatha, ndipo mtengo wa magiya ndi wina. Anasintha silu, anathira oyilo watsopano kuchokera kubowo lapansi mpaka atatulukira lapamwamba. Tsiku limenelo ndinauza aliyense padoko kuti makaniko ngati uyu kulibe.

Mu Julayi ndi momwe mtima wanga unatembenuka.

Madzi okodza aja anayamba kuchepa, kumangodontha. Ndinamuimbira, anati ndi impela, kamphira kamapiko kamene kamapopa madzi oziziritsa injini. Anati nditumize K60,000 pa Airtel Money kuti agule, afika Lachinayi. Ndinatumiza. Lachinayi linadutsa. Loweruka anati ali ku Makanjira, tsidya lina la nyanja, mwera wawatsekera. Mwera wa mu Julayi ndimaudziwa, sindinatsutse. Koma mphepo italeka anati ali ku Monkey Bay, kenako foni inayamba kungoitana. Masiku 9 boti lili pamchenga, mdima ukutha, anzanga akutsitsa ndowa za usipa ine ndikungoyang'ana. Apa ndi pomwe ndinamvetsa kuipa kwa makaniko woyendayenda. Wa shedi mumapita nkukakhala pakhomo pake mpaka achite manyazi. Uyu mukamupeza kuti? Madoko onse a m'mbali mwa nyanja ndi ake, ndipo amathamangira komwe kwagwa ntchito yaikulu.

Atafika anapepesa, anagwada ndithu pamaso pa alovi, anaika impela, madzi anayambanso kutuluka mwamphamvu. Koma impelayo anaitulutsa m'thumba la buluku, yopanda paketi, yopanda lisiti. Ndinaona, koma chifukwa cha changu chofuna kulowa m'madzi sindinafunse.

Inatha masabata 6 okha. Usiku wina alovi anamva fungo la penti yopsa, poyang'ana ndi tochi madzi sakutuluka. Mwamwayi woyendetsa anazimitsa msanga. Atatsegula, mapiko atatu a impela anali atathothoka, tizidutswa tina titakatseka njira za madzi mkati. Gasiketi ya hedi inapsa. Ndinamufunsa maso ndi maso, "Amisiri, impela ija munaigula kuti?" Anakhala chete, kenako anavomera kuti yeniyeni inasowa, mtengo unali utakwera kuposa ndalama ndinatumiza, ndiye anatenga yotchipa pa kashopu kena poopa kundipemphanso zina atandichedwetsa kale. Akanandiuza ndikanawonjezera. Chimene chinandipweteka ndi chakuti munthu yemwe anandionetsa ndi maso anga kuipa kwa koyilo yachinyengo ndi yemweyo anandiikira mphira wachinyengo. Ntchito yokonzanso sanalipiritse, anachotsa tizidutswa tonse ndi kawaya, tsiku lathunthu ali chogwada pamchenga. Koma impela ina ndi gasiketi ndinagula ndine, ndinakwera ndekha minibasi pa Kamuzu Road kupita ku Lilongwe.

Kwa mwezi wathunthu sindinafune kumva dzina lake. Ndinayesa wina wapafupi, yemwe pongosintha mapulagi anamanga mopitiriza mpaka kutsala pang'ono kudya ulusi wa hedi. Ndinabwerera kwa yemwe uja.

Tsopano za K118,000. Mafuta atayamba kusowa mu Okutobala 2024, petulo wa K2,530 pa lita tinkangomumva, ife a kunyanja tinkagula wa m'zigubu pamtengo womwe wogulitsa wafuna, ndipo zomwe zili mkatimo ankadziwa ndi iyeyo. Sabata yatha injini inayamba kukana kukwera mphamvu. Makaniko anathira mafuta a m'thanki mu botolo loonekera, analiimika pa thandala, patapita kanthawi madzi anakhazikika pansi, okwana zala ziwiri, ndi zinyalala zofiirira. Ulendo uno kabureta inalidi ndi mlandu. Anaitsuka, anasintha kasefa ka mafuta, kapampu kofinya ndi dzanja kaja ndi mapulagi awiri, nasinthanso oyilo wa giya. Masipeya onse anabwera m'mapaketi, akale anandisiyira m'jumbo osapemphedwa. Ntchitoyo ndilibe nayo chifukwa. Koma ndalama yoyendera yomwe mu Malichi inali K15,000 pano akuti K35,000, chifukwa njinga yakenso ikumwa wa m'zigubu yemweyo. Ndikumvetsa, komabe zikuwawa, makamaka mwezi uno pomwe mphepo ya mpoto ndi mvula zayamba kutibweza pagombe.

Nditawerengetsa m'kope langa, pa miyezi 9 ndamupatsa iyeyo ndi ogulitsa masipeya ndalama zopitirira K450,000. Mwa zimenezi, pafupifupi K100,000 ndi zomwe ndinaluza chifukwa cha impela ija, osawerengera usipa wa masiku 9. Mbali inayi, popanda iye bwenzi injiniyi nditaigulitsa motaya mu Malichi, ndikuganiza kuti ndi yotheratu, pomwe vuto linali kachinthu kokwana m'chikhatho.

Mlamu wanga ndinamuimbira Lachitatu mmawa ndipo nambala ndinamupatsa. Ndinamuuza kuti pa kupeza matenda obisika, aja osowetsa tulo, sindinaonepo wina womuposa kuno ku Salima, ndipo akamuuza kuti alowe naye m'nyanja asakanize mafuta. Ndinamuuzanso kuti asatumize ndalama munthuyo asanafike, amuuze dzina ndi nambala ya sipeya akagule yekha kapena aione ili m'paketi, ndipo agwirizane tsiku lenileni pamaso pa wapampando wa komiti ya pagombe. Mlamu anafunsa ngati ineyo ndidzamuitanenso. Ndinati mu Malichi, tisanapite ku Mbenje, ndikufuna adzaone mapisitoni ndi maringi, koma masipeya ndikagula ndekha, ndipo za K35,000 yoyendera tikambirana kuti tigawane ndi eni maboti awiri oyandikana nane, adzagwire onse atatu tsiku limodzi.