Hilux yanga patatha miyezi 14 chiikwezereni

Papita miyezi 14 chisinthireni zinthu zinayi pa Hilux yanga ya 2012, ya injini ya dizilo ya 3.0 D-4D. Ndinaika matayala okulirapo, ndinaikweza ndi mamilimita 50 posintha masipuling'i, ndinaika snorkel (paipi yokwera m'mbali mwa galimoto imene injini imakokera mpweya), komanso chitsulo chotchinga kunsi kwa injini. Kawiri pa mwezi ndimachoka ku Blantyre kukagula kachewere kumtunda kwa Neno, ndipo amene anayendako mu Febuluwale akudziwa mmene katondo wa kumeneko amaterera. Dzinja lonse ladutsa galimotoyi ili pa ntchito, ndiye tsopano ndingathe kunena chimene chinandipindulira ndi chimene ndinangotayirapo ndalama.

Chimene chagwira ntchito koposa zonse ndi matayala. Ndinachotsa a 265/65R17 n'kuika a all-terrain (oyenda pa tara ndi m'misewu yadothi yomwe) a 265/70R17. Kusiyana kwake kumaoneka kochepa, chifukwa galimoto imangokwera ndi mamilimita pafupifupi 13, koma mamilimita amenewa ndi okhawo amene amakweza difu yakumbuyo, chibulunga cha magiya chimene chili pakati pa matayala awiri akumbuyo. Mfundo imeneyi ndinaimvetsa mochedwa. Masipuling'i amakweza thupi la galimoto, koma difu imatsala pomwe inali, poti ili pa ekiselo imodzi ndi matayala. Mumsewu momwe malole akumba ngalande ziwiri n'kusiya mtumbira pakati, chimene chimayamba kukhula pansi ndi difuyo.

Ndipo tayala labwino limafuna mwini wake adziwe kusewera ndi mpweya. Tsiku lina mu Januwale, mvula itagwa usiku wonse, ndinafika pa chitunda china chimene chinandikanika kawiri chaka chapitacho. Ndinayesa ndi mpweya wa pa tara, mabaa 2.2, galimoto n'kumangovina chammbali, matope akuulukira pagalasi. Ndinabwerera pansi, ndinatsika, ndinaphwetsa matayala onse anayi mpaka 1.6, ndinaika L4 (magiya amphamvu oyenda pang'onopang'ono, matayala onse anayi akukoka) giya yachiwiri. Inakwera pang'onopang'ono, osakuwa n'komwe, anyamata amene anabwera ndi makasu kuti adzandikankhe atangoima m'mbali. Kuyambira tsiku limenelo geji ya mpweya ndi kompuresa yaing'ono sizichoka kuseri kwa mpando. Mukafika pa tara muyenera kupopanso, apo ayi tayala limatentha n'kuwonongeka m'mbali.

Matayalawa ali ndi mtengo wake. Amalira pa tara, makamaka mukadutsa makilomita 90 pa ola, ndipo dizilo akutha msangako kuposa kale. Sipidomita nayonso imanama tsopano: ikamati 100, ndiye kuti muli pa 103 kapena kuposerapo pang'ono. Pa msewu wa Zalewa, pomwe apolisi amaima ndi kamera, kusiyana kumeneku n'kofunika kukukumbukira.

Za kukweza ndili ndi mitima iwiri. Ubwino ulipo: mimba ya galimoto sikhudzanso pansi podutsa mitumbira, ndipo ndikanyamula matumba kumbuyo sikugwada ngati kale. Koma kutsogolo kwa Hilux imeneyi tayala lililonse limayenda palokha, ndiye mukakweza, ma CV, mfundo zimene zimapititsa mphamvu ya injini ku matayala akutsogolo, amagwira ntchito atapendekeka kuposa mmene anawapangira. Pa mwezi wachisanu ndi chiwiri ndinaona girisi wakuda atamwazika mkati mwa limu yakumanzere. Labala ya CV inali itang'ambika. Mwamwayi ndinaiona mchenga usanalowe. Kugalaja kumene anandikwezera sanapangenso alayimenti (kuwongola kaimidwe ka matayala), ine osafunsa, ndipo pomwe ndinkazindikira n'kuti matayala akutsogolo atayamba kudyeka mbali imodzi. Zinandiwawa, chifukwa anali asanathe ndi miyezi itatu yomwe.

Masipuling'i akumbuyo ndinasankha olimba kwambiri poganizira katundu. Ikakhala yodzaza imayenda bwino zedi. Ikakhala yopanda kanthu imadumpha ngati ngolo. Nditawatenga amayi kupita nawo kuchipatala anandifunsa kuti, "Mwanawe, galimoto ija unaitani?" Anatsika akugwira msana. Ndikanati ndiyambirenso, ndikanatenga apakatikati.

Chitsulo cha kunsi sindinenapo zambiri. Chili ndi mabala awiri akuya a miyala ya msewu wochoka ku Rumphi kudzera ku Thazima kukafika ku Chelinda, pomwe tinapita ku Nyika mu Julayi. Pakanapanda chitsulocho, mabala amenewo akanakhala pa sampu, posungira oyilo kunsi kwa injini.

Snorkel ndiyo anthu amaiona kwambiri, ndipo ndiyo imanamiza ambiri. Phindu lake lenileni ndaliona m'chilimwe: imakoka mpweya pamwamba, kutali ndi fumbi la matayala, moti fyuluta ikukhalitsa isanade. Koma siisandutsa galimoto kukhala bwato. Nditawoloka kamtsinje kena madzi ali m'mawondo, makaniko wanga anandiuza kuti tione oyilo wa mu difu. Atamasula bawuti, anatuluka wotuwa ngati tiyi wothira mkaka. Difu ikatentha n'kulowa m'madzi ozizira imayamwa madziwo kudzera pa kabowo kake kopumira, ndipo snorkel ilibe nazo ntchito zimenezo. Tinasintha oyiloyo tsiku lomwelo. Madzi othamanga ndiye sindiwayesa n'komwe, ndimadikira aphwe ngakhale kutade.

Winchi, makina okokera galimoto ikatitimira, sindinagule, ndipo sindinaisowepo. Fosholo, chingwe chokokera ndi anthu a m'mudzi zanditulutsa kawiri konse pomwe ndinatitimira. Mvula isanayambe mu Novembala ndikufuna kulumikiza timapaipi pa mabowo opumira a madifu onse awiri, timapaipito tikwere mpaka m'boneti, kenako ndichotse tsamba limodzi pa masipuling'i akumbuyo ndione ngati amayi angavomerenso kukwera.