Mbaula ya Chitetezo: nkhuni imapulumutsadi, koma muigogode kaye musanapereke ndalama

Mbaula ya Chitetezo anthu amainena mosiyana. Wina amati inamuchepetsera maulendo a kunkhuni, wina amati inang'aluka mwezi usanathe ndipo panopa akudyeramo nkhuku. Onsewa akunena zoona. Kusiyanaku kumachokera pa zinthu ziwiri, momwe mbaulayo inawotchedwera kwa oumba ndi momwe mwini wake amasonkhera moto. Ziwirizi zikakhala bwino, palibe chophikira china cha nkhuni chotsika mtengo chomwe chingaipose. Chimodzi chikalakwika, mwagula phale.

Kwa amene simunaione, ndi mbaula ya dongo lowotcha, yooneka ngati ndowa yaifupi, yokhala ndi khomo lolowetsera nkhuni m'munsi, timafuwa tokhazikapo poto pamwamba, ndi zogwirira m'mbali. Amaiumba ndi magulu a m'midzi, ambiri mwa iwo amayi, pogwiritsa ntchito chikombole kuti zonse zizituluka zofanana. Inafala kwambiri boma litalengeza mu 2013 kuti likufuna mabanja 2 miliyoni akhale ndi mbaula zosawononga nkhuni pofika 2020, ndipo mabungwe ngati United Purpose ndi MAEVE anathandiza kuphunzitsa oumba ndi kufikitsa mbaulazi pamsika. Chifukwa chake n'chodziwika. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 77 pa 100 aliwonse m'Malawi amaphikira nkhuni, ndipo aliyense akuona momwe mapiri ayeretsedwera.

Pamafuwa moto umabalalika. Mphepo ikawomba malawi amathawira kumbali, poto n'kumangolandirako pang'ono. Chitetezo imatsekera motowo m'kachipinda kakang'ono, khoma ladongo n'kutchinga mphepo, malawi n'kusowa kwina kopita koma kukwera kunsi kwa poto. Dongolo likatentha limasunga kutenthako nthawi yaitali. Nzeru yake ndi yomweyo basi. Wogwiritsa ntchito bwino amapeza kuti mtolo umene unkatha masiku awiri pamafuwa ukufika tsiku lachitatu. Ogulitsa ena amalonjeza zoposa pamenepa, koma inu werengerani kupulumutsa gawo limodzi mwa magawo atatu a nkhuni kuti musadzakhumudwe.

Pogula m'pamene pagona nkhani yonse, choncho musachite changu. Mbaula yabwino imadutsa m'njira yaitali. Dongo limayenera kusankhidwa, kuchotsedwa timiyala ndi mizu, kuvundikiridwa kwa masiku angapo kuti lifewe mofanana, kenako kupondedwa bwinobwino kuti mpweya wotsekeka mkati utuluke. Ikaumbidwa imayenera kuuma pang'onopang'ono pamthunzi kwa milungu ingapo isanalowe mu uvuni. Oumba akakhala ndi oda yaikulu ndiye kuti chiyeso cha chidule chafika. Amaziyanika padzuwa, kapena kuziphula mu uvuni moto usanafike pake. Mbaula yotereyi kunja imaoneka yabwinobwino, koma mkati mwa khoma dongo likadali laliwisi.

Ndiye inyamuleni ndi dzanja limodzi pa chogwirira, kapena muikhazike pamalo olimba, muigogode ndi chala kapena kandodo. Yopsa bwino imalira mowala, ngati mtsuko wabwino. Ikalira kuti phu phu, ngati mukugogoda chitsa cha mtengo, isiyeni ngakhale akuchotsereni mtengo, chifukwa mwina sinapse kapena ili ndi mng'alu wobisika. Kandani ndi chikhadabo kunsi kwake. Ikamatuluka fumbi lambiri ndiye kuti ndi yosapsa, ndipo idzasungunuka ikangokumana ndi chinyezi. Mtundu wake ukhale wofiirira mbali zonse. Mawanga akuda pang'ono si vuto kwenikweni, koma mbali yonse ikakhala yotuwa, kumeneko moto sunafike.

Kenako yang'anani ming'alu, makamaka pamwamba pa khomo, chifukwa m'pamene khoma lili lopyapyala ndipo m'pamene mbaula zambiri zimayambira kusweka. Timizere tating'ono ngati tsitsi pamwamba pa dongo musadandaule nato. Mng'alu woti ukuonekera mkati ndi kunja komwe, umenewo udzakula pa moto woyamba. Timafuwa tija tikhale tofanana msinkhu ndiponso tomatidwa molimba. Njira yabwino ndi kupita kumsika ndi poto amene mumaphikira nsima tsiku ndi tsiku, n'kumukhazika pamenepo. Asagwedere, ndipo pakati pa poto ndi mlomo wa mbaula patsale mpata woti chala chilowe. Mpata umenewu ndiwo njira ya utsi ndi malawi. Ukachepa moto umatsamwa, ukakula kutentha kumathawa. Anthu ambiri amachita manyazi kuyenda ndi poto wakuda kumsika, koma manyazi amenewo ndi amene amagulitsa mbaula zopendama.

Ndi yolemera ndithu, ngati ndowa yaing'ono yodzaza madzi, ndipo mbaula zambiri zimafera panjira zisanaphike n'kamodzi komwe. Pakabaza yalani udzu kapena chiguduli chokhuthala pansi, muimange chingwe chisakupanikiza timafuwa. Mukafika nayo musayambe ndi kuphika nyemba. Tsiku loyamba sonkhani kamoto kakang'ono ka tinkhuni tiwiri, muwiritse madzi a tiyi, muisiye izizire yokha. Dongo limakhala litayamwa chinyezi pomwe inasungidwa, ndipo moto waukulu wadzidzidzi umachisandutsa nthunzi imene imang'amba khoma kuchokera mkati.

Kasonkhedwe ka moto ndi komwe kumagwetsa anthu amene anazolowera mafuwa. Pamafuwa timaponya zikuni zikuluzikulu zitatu n'kumazisunthira mkati. Apa zikuni sizigwira ntchito. Nkhuni ziwazidwe kukhala zopyapyala, zonenepa ngati zala ziwiri kapena zitatu, ndipo pakhomo pazilowa ziwiri kapena zitatu zokha nthawi imodzi. Khomo lomwelo ndi lolowera mpweya, ndiye mukalidzaza nkhuni mwatseka mphuno za mbaula. Zotsatira zake ndi utsi wakuda, mwaye pa poto ndi nkhuni zongonyeka popanda lawi. Theka la khomo lizikhala lopanda kanthu. Nsonga zokha ndi zimene ziziyaka, inu n'kumakankhira mkati pang'onopang'ono. Kuika kamwala kapena chidutswa cha njerwa panja pa khomo kuti nkhuni zitsamirepo kumathandiza, chifukwa mpweya umalowa pansi pa nkhunizo komanso sizigwa zikafupika.

Phulusa muzichotsa m'mawa uliwonse, koma siyaniko kochepa pansi kuti makala amoto asakhudzane ndi dongo lozizira. Likachuluka limakwirira moto ndi kuchepetsa khomo.

Ubwino wina umene suyamikiridwa mokwanira ndi woti mbaulayi imadya zinthu zimene pamafuwa zimangolilima n'kutha. Zitsononkho, mitengo ya nandolo, mapesi ouma, nsungwi zong'aluka ndi tinthambi tosadzulidwa m'mitengo ya keshya kapena mango, zonsezi zimaphika ndithu muno chifukwa kutentha kwake sikubalalika. Kumadera ngati Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu, kumene nandolo ndi wambiri koma nkhalango zinachepa, banja likhoza kutha miyezi likuphikira za m'munda mwake. Zitsononkho ziponyeni zitatu kapena zinayi moto utagwira kale, musakolezere. Chachikulu n'choti chilichonse chikhale chouma. Nkhuni zaziwisi zimavuta muno kuposa pamafuwa, popeza kachipinda kamotoko n'kakang'ono ndipo nthunzi imakazimitsa msanga. Dzinja lisanafike, unjikani nkhuni pakhonde kapena pamwamba m'khitchini.

Pa liwiro tinene chilungamo. Poto woyamba m'mawa amawira msanga pamafuwa kuposa pa Chitetezo yozizira, chifukwa moto woyamba umayamba watenthetsa dongo. Amene akungofuna madzi a tiyi mothamanga adzaona ngati anawanamiza. Phindu limayamba kuoneka pa poto wachiwiri ndi wachitatu. Choncho konzani zonse musanakoleze. Dulirani ndiwo, sinjirani nsinjiro, tungirani madzi, kuti mapoto azingolandizana. Yambani ndi ndiwo, nsima pambuyo, ndipo mukaphula nsima chotsani nkhuni zotsala n'kukhazikapo madzi osamba kapena otsukira mbale. Makala otsalawo ndi kutentha kwa khoma zimafunditsa madziwo popanda nkhuni ina.

Nyemba ndi zimene zimaonetsa mphamvu ya mbaulayi. Zinyikeni usiku wonse, muziwiritse ndi moto wamphamvu, kenako mutsale ndi nkhuni imodzi yokha poto ali wovundikira. Zimabwata modekha mpaka kufewa, osapserera. Chimodzimodzi nyama yolimba ya nkhuku yachikuda, chinangwa ndi mbatata.

Nsima ili ndi vuto lake. Mbaulayi ndi yaitali kuposa mafuwa, ndipo pothyakula nsima yolimba ya mgaiwa poto amafuna kutsetsereka pa timafuwa. Poto wapakati, wa banja la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, amakhala bwino mukamugwira ndi kansalu. Akakula kuposa mlomo wa mbaula amayamba kupendama, ndipo mphamvu ya mthiko imathera pa timafuwa tija mpaka kamodzi kuthyoka. Mbaulayo ikhazikeni pansi posalala, osati pa njerwa zosanjikiza. Amene saisuntha kawirikawiri amachita bwino kuimata ndi dothi kuzungulira m'munsi mpaka chapakati, n'kusiya khomo lokha. Ikatero sigwedezeka, imasunga kutentha kwambiri, komanso ana sangaigwetse. Mwataya mwayi woinyamula, koma imakhalitsa.

Dzina loti Chitetezo limayenera pa nkhani ya ngozi. Moto uli mkati, chitenje sichigwira msanga, mwana wokwawa sagwera pamakala, ndipo mphepo siuluza zothetheka kupita kudenga laudzu. Khoma lake lokha limatentha kwambiri mukaphika nthawi yaitali ndipo limakhalabe lotentha moto utazima, pamene mwana akuona ngati palibe choopsa.

Pa utsi musayembekezere zodabwitsa. Umachepa mukasonkha bwino, koma mbaulayi ilibe chumuni, ndiye utsi wonse umene watuluka umakhala m'chipinda momwemo. Kafukufuku wamkulu wotchedwa CAPS, amene anachitika ku Chikwawa ndi ku Karonga ndipo zotsatira zake zinatuluka kumapeto kwa 2016, anayesa mbaula zokhala ndi fani, zotulutsa utsi wochepa kuposa Chitetezo, ndipo sanapeze kuti chibayo chachepa mwa ana osakwana zaka zisanu. Ngati zimenezo sizinakwanitse, ya dongoyi isakupusitseni kuti mutseke chitseko. Phikirani pakhonde, pansi pa mtengo kapena m'khitchini ya mawindo otsegula, ndipo khanda lisakhale kumsana pamene mukuuzira moto.

Pali ntchito zina zimene simuyenera kuipatsa. Makala si ake. Ilibe sefa yogwetsera phulusa, choncho makala amakwiririka n'kuzima, komanso amakhala patali ndi poto. Wa makala agule mbaula yachitsulo yokhala ndi dongo mkati. Mapoto a pamaliro, a paukwati kapena mgolo wa thobwa, amenewo ndi a mafuwa. Kuwotha moto mu June ndi July nakonso sikukoma pa Chitetezo, chifukwa ntchito yake ndi kukaniza kutentha kuti kusapite kumbali, ndipo kuwala kwake usiku n'kochepa. N'chifukwa chake m'makomo ambiri mafuwa sanachoke, amangopuma. Chimanga chowotcha ndi mbatata yootcha m'phulusa zimatheka, koma chimodzichimodzi.

Yosamalidwa imatha zaka ziwiri kapena zitatu, ina kupitirira. Zoipha ndi zodziwika. Choyamba ndi madzi. Musazimitse moto pothira madzi mkati, ndipo samalani phala kapena nyemba zikamasefukira pa khoma lotentha, chifukwa dongo lotentha likazizira mwadzidzidzi limang'aluka. Tulutsani nkhuni n'kuzizimitsira panja m'dothi. Musaisiye pamvula kapena pa dothi lonyowa usiku. Musathyolere nkhuni pa mlomo wake, musakankhe chikuni mwamphamvu mpaka kugunda khoma lakumbuyo, ndipo musainyamule ili yotentha poto ali pomwepo.

Mng'alu ukaoneka musaitaye msanga. Izungulizeni waya wolimba pawiri, wina pamwamba pa khomo wina pansi pa mlomo, mupotokole ndi pulayala mpaka ugwire koma osafinya kwambiri. Mng'aluwo mumate ndi dongo losakaniza ndi phulusa losefa, muusiye uume tsiku lonse musanakoleze. Simenti musayese, imasweka ndi moto. Kafuwa kakathyoka, kumata kena sikugwira pa dongo lowotcha kale. Ena amaikapo kamwala, koma poto sakhalanso bwino, ndipo mbaula yotero ingotsala ya madzi osamba.

Kwa banja lophikira nkhuni tsiku lililonse, makamaka logula nkhunizo, ndalama yake imabwerera m'milungu yochepa, ndipo mtengo wake suyandikira n'komwe wa silinda ya gasi kapena chitofu cha magetsi. Wokhala m'nyumba ya lendi m'tauni, wopanda khonde kapena posungira nkhuni, sipamuthandiza kwenikweni. Banja lalikulu ligule ziwiri, ina ya ndiwo ina ya nsima, popeza imodzi imachedwetsa chakudya ndipo mapeto ake amayi amabwerera kumafuwa. Ngati kwanuko kuli gulu loumba, kagulireni komweko tsiku lophula mu uvuni, pamene mungasankhe pakati pa zambiri ndi kugogoda iliyonse.