Ulendo wa masiku 12 ku Namibia: nyenyezi 3, zonse chifukwa cha dalaivala

Amene mukufuna kulipira ulendo wa masiku 12 wa ku Namibia ku kampani ya ku Windhoek imene tinayenda nayo, werengani kaye mpaka pansi. Ine ndi amuna anga tinapita mu Okutobala. Galimoto inali yolimba, matenti aukhondo, chakudya chokwanira. Pa zimenezo ndilibe mawu.

Nkhani yanga ndi ya ku Sesriem, polowera ku Sossusvlei, dera la mapiri a mchenga m'chipululu cha Namib. Aliyense amene anafufuzapo za Sossusvlei amadziwa kuti pali mageti awiri. Lamkati amatsegula kutatsala ola limodzi kuti dzuwa lituluke, ndipo amadutsa pa nthawiyo ndi okhawo amene agona mkati mwa paki. Lakunja amatsegula dzuwa litatuluka. Kuchoka pamenepo kukafika ku Dune 45, phiri la mchenga limene anthu amakwera kukaonera kutuluka kwa dzuwa, ndi makilomita 45, pa msewu umene saloleza kuthamanga kupitirira 60 pa ola. Ndiye ukagona kunja, kutuluka kwa dzuwa wakuphonya basi. N'chifukwa chake tinawonjezera N$2,400 (madola a ku Namibia) kuti tigone mkati. Mayi wa mu ofesi yawo ku Windhoek anandilembera pa WhatsApp kuti malo apezeka, ndipo lisiti ndikusunga mpaka lero.

Tsiku lofika, anakatitsitsa pa kampu ina kunja, mtunda wa theka la ola kuchoka pa geti. Nditafunsa, dalaivala anandionetsa pepala limene anam'patsa ku ofesi. Dzina la kampu yakunjayo linalipo, ndipo deti lake linali la masabata awiri tisananyamuke. Ankadziwa. Ndalama analandira, koma kundiuza ayi. Nditaimba foni, mayi uja anayankha kuti malo anadzaza, kenako n'kunena kuti, "Amayi, mchengatu ndi womwewo." Atatero anadula. Mawu amenewo akundiwawa kuposa ndalamazo.

Mchenga si womwewo ayi. M'mawa mwake tinali pa mzere wa magalimoto pa geti, dzuwa likutuluka ife tili chikhalire m'mipando. Pofika ku Dune 45 tinakumana ndi anzathu akutsika, akuonetsana zithunzi zimene ine ndinasungira ndalama zaka ziwiri: mbali ina ya phiri la mchenga yofiira ngati makala a moto, ina yakuda bii. Ife tinapeza mthunzi uja ukutha. Makilomita 5 omaliza a msewu wa ku Sossusvlei ndi mchenga wokhawokha, ndipo tinachedwanso pamenepo pophwetsa matayala ndi kuyembekezera galimoto ina imene inatitimira kutsogolo kwathu. Ku Deadvlei tinafika cha m'ma 11, mchenga ukuotcha mapazi ngakhale uli mu nsapato. Malowo ndi odabwitsa, sindinganame: dothi loyera long'aluka, mitengo yakuda imene inafa zaka mazana angapo zapitazo milu ya mchenga itatseka madzi a mtsinje wa Tsauchab, ndipo siiwola chifukwa kulibe chinyezi. Koma tinakhalapo mphindi 20 zokha chifukwa mayi wina wachikulire wa m'gulu lathu anayamba kumva chizungulire. Big Daddy, phiri la mchenga lopitirira mamita 300 lija, tinangoliyang'ana tili pansi. Ndinabwerera m'galimoto misozi ili m'maso.

Tsiku limenelo ndinali wokonzeka kupereka nyenyezi imodzi. Amene anandibweza mtima ndi dalaivala wathu, bambo wa Chiherero wofatsa, amene vutoli silinali lake koma anapepesa ngati walakwa ndi iye. Masana omwewo anatilowetsa mu Sesriem Canyon kuti tipeze mthunzi, n'kutifotokozera kuti dzinalo likuchokera ku zingwe zachikopa zisanu ndi chimodzi zimene anthu akale ankalumikiza kuti atunge madzi pansipo. Pobwerera anaima phee kuti tione oryx, nyama ya nyanga zazitali zowongoka imene ilinso pa chizindikiro cha boma la dzikolo, itaima yokha pamwamba pa mchenga.

Za Swakopmund, nkhungu yake ndi kuzizira kwake, komanso zojambula za pa miyala ku Twyfelfontein, zinayenda monga analembera.

Kumene ndinamulemekeza kwambiri ndi kwa Ahimba, kufupi ndi Opuwo. Ndinkaopa kuti tikangoima n'kumajambula anthu ngati nyama za m'paki, chifukwa ndinaona magulu ena akuchita zomwezo. Iye anayamba watiuza kuti tigule m'tauni ufa, shuga ndi mafuta ophikira zokawapatsa, n'kutiphunzitsa moni wawo, "moro". Anatichenjeza kuti tisadutse pakati pa moto wa makolo ndi nyumba yaikulu, ndiponso kuti kamera isatuluke tisanapemphe. Tinakhala pansi ndi amayi, akutionetsa momwe amaperera mwala wofiira n'kusakaniza ndi mafuta a mkaka kupanga otjize, amene amadzola thupi lonse ndi tsitsi. Nditamva kuti ng'ombe amati ongombe ndipo munthu amati omundu, ndinawauza mmene timanenera ife. Gogo wina anaseka mpaka kundigwira dzanja, ndipo kuyambira pamenepo macheza anasintha.

Ku paki ya nyama ya Etosha tinagona ku Okaukuejo, kumene dziwe lake amaliunikira usiku wonse. Tinadikira mpaka tulo titatigonjetsa, titaona njovu ndi akadyansonga okha. Cha m'ma 1 usiku ndinamva munthu akuitana motsitsa mawu kunja kwa tenti: "Amayi, bambo, dzukani, zabwera." Zipembere zakuda ziwiri, ina ili ndi mwana. Munthuyu anali atayendetsa galimoto tsiku lonse pa misewu ya miyala, koma anakhala maso chifukwa ankadziwa kuti ife tinali ndi chilonda cha ku Sesriem.

Choncho nyenyezi 3, ndipo ofesi isadzitame nazo. Mukamalipira, auzeni akulembereni dzina lenileni la kampu ya ku Sesriem, ndipo mutsimikize nokha kuti ili mkati mwa geti. Ndinapempha kuti andibwezere N$2,400 yanga. Lero ndi sabata lachisanu. Mauthenga anga mayi uja akuwerenga, ndikuona, koma sakuyankha.