ScotlandsPeople imakufikitsani padoko, kutsidya n'kwa eni ake

Apongozi anga aakazi kuno ku Glasgow akhala akunena kuti m'banja mwawo muli munthu amene anachoka pachilumba cha Skye, konkuno ku Scotland, kupita ku Australia ndipo sanamvekenso. Ankangodziwa dzina lake basi, dzina loti theka la chilumbacho limaitanidwa nalo. Poti kompyuta imawasautsa maso, ntchito inagwera ine mtengwa.

Ndagwiritsa ntchito ScotlandsPeople miyezi itatu. Ndi webusaiti ya boma yosakirapo makaundula akale a anthu a ku Scotland, amaiyendetsa a National Records of Scotland. Kulembetsa ndi kusaka mayina n'kwaulere, koma kuti muone chikalata chenicheni mumalipira. Ine ndinagula makirediti 30 pa £7.50, ndipo chikalata chimodzi chimadya 6. Makirediti oyamba ndinangotaya m'madzi chifukwa cha phuma langa: ndinatsegula anthu a dzina lomwelo amene si abale athu n'komwe.

Chimene chinandipulumutsa ndi zikalata za imfa. Kuyambira mu 1855, pomwe boma la Scotland linayamba kulemba kubadwa, maukwati ndi imfa, chikalata cha imfa chimatchula bambo ndi mayi a malemuyo, kuphatikizapo dzina la kwawo kwa mayiwo asanakwatiwe. Ndinaseka ndekha: ife Achewa timatsata mtundu kuchikazi, ndipo nawonso azunguwa ndinawagwirira kwa amayi awo. Munthu wathuyo anachoka 1855 isanakwane, ndiye ndinasaka mchimwene wake amene anatsala, n'kupeza makolo awo. Nditayang'ananso kalembera wa 1851, banja lonse linali m'nyumba imodzi.

Kenako ndinalowa m'kaundula wa Highland and Island Emigration Society, bungwe lomwe pakati pa 1852 ndi 1857 linatumiza anthu pafupifupi 5,000 ku Australia, njala itavuta chifukwa cha matenda a mbatatesi amene anayamba mu 1846. Muli dzina, zaka, mudzi, mwini malo amene ankakhalapo, dzina la sitima, ngakhalenso ndemanga ya mlembi pa banja lililonse. Apongozi atawerenga, anavula magalasi n'kukhala chete kanthawi. "Ndiye sanathawe ayi, mwana wanga," anatero. "Inali njala."

Dziwani kuti nkhani ya amene anawoloka nyanja imathera pomwepo, chifukwa awa ndi makaundula a Scotland. Za moyo wake kutsidya ndinazipeza m'makaundula a boma la Victoria, chigawo cha ku Australia, komanso mu Trove, nkhokwe yaulere ya nyuzipepala zakale za ku Australia. Ngati wanu anachoka pakati pa 1890 ndi 1960, mayina a okwera sitima ali pa mawebusaiti ena, Findmypast ndi Ancestry.

ScotlandsPeople ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Makirediti 12 anditsalira, ndipo apongozi ayamba kale kufunsa za azakhali awo ena amene akuti anapita ku Nova Scotia, m'dziko la Canada.