Sitima ikakocheza ku Cape Town kwa maola ochepa: basi yofiira, phiri, Robben Island kapena mapazi anu?

Sitima zikuluzikulu za alendo zikafika ku Cape Town zimakocheza pa doko loyandikana ndi V&A Waterfront, malo a masitolo ndi odyera a m'mbali mwa nyanja. Ngati mzindawu uli pongopumira pa ulendo wanu, mudzatsika m'mawa n'kubwerera madzulo a tsiku lomwelo. Pa kapepala ka ndondomeko komwe amakusiyirani m'chipinda amalembapo nthawi yoti aliyense akhale atakwera, ndipo imafika nthawi yonyamukira isanakwane, kawirikawiri kutatsala mphindi 30 kapena kuposerapo. Ijambuleni pa foni musanatsike. Zonse zomwe ndikuyerekeza pano ndaziyeza ndi nthawi imeneyo, ndalama zikubwera pambuyo.

Ndiyambe ndi maulendo omwe amagulitsidwa m'sitima momwemo. Ndi okwera mtengo kuposa china chilichonse, nthawi zina kangapo konse, koma chomwe mukugula si basi kapena wokuperekezani ayi. Mukugula lonjezo loti basi yawo ikachedwa panjira, sitima idikira kapena akukonzerani njira yoti mukaipeze. Mukapita panokha n'kuchedwa, mudzaiona ikutuluka pa doko inu muli pamtunda, ndipo ndalama ya ndege yokakumana nayo ku doko lotsatira ndi ya m'thumba mwanu. Choncho kwa malo akutali, monga Cape Point kapena Boulders Beach ku Simon's Town komwe kuli ma penguin, ine ndingalipire ulendo wa m'sitimawo kapena kungozisiya. Kwa zonse za m'tauni, kulipira mtengo umenewo n'kutaya ndalama.

Tsopano Robben Island. Aliyense amafuna kukaona kachipinda komwe Nelson Mandela anakhalamo, pa chilumba chomwe anathapo zaka 18 mwa zaka 27 za ukaidi wake, ndipo kokwerera bwato, Nelson Mandela Gateway, kuli pa Waterfront pomwepo, kamtunda koyenda wapansi. Zikuoneka ngati zophweka. Koma ulendo wonse, kupita, kuzungulira chilumba pa basi, kulowa m'ndende ndi kubwerera, umadya maola pafupifupi 4, ndipo simungaudule pakati. Mukafika uko, mubwerera pomwe bwato lanu labwerera basi. Matikiti amatha msanga nyengo ya alendo, moti muyenera kugula masiku angapo zisanachitike, pomwe nyanja ikawinduka ulendo umalephereka tsiku lomwelo. Ngati sitima yanu igona pa doko, pitani ndithu, ndipo mumvetsere bwino, poti ena mwa okuonetsani ndende anamangidwapo momwemo. Ngati muli ndi maola 6 kapena 7 okha, ndinganene kuti ayi, pokhapokha mutapeza bwato loyamba la m'mawa.

Table Mountain ndi nkhani ina. Phirili ndi lalitali mamita opitirira pang'ono 1,080, ndipo cable car, ngolo yonyamula anthu yoyenda pa chingwe m'mwamba, yomwe inayamba kuyenda mu 1929, imakufikitsani pamwamba m'mphindi pafupifupi 5. Pansi pake pamazungulira pang'onopang'ono pokwera, kotero palibe chifukwa cholimbirana pawindo. Vuto ndi mphepo. M'chilimwe cha kumeneko, kuyambira cha mu Novembala mpaka Malichi, yomwenso ndi nyengo ya sitimazi, kumaomba mphepo yamphamvu yochokera kum'mwera chakum'mawa yomwe eni ake amaitcha Cape Doctor. Amene anakulira m'mphepete mwa nyanja ya Malawi aidziwa bwino khalidwe lake, ndi mbale wake wa mwera. Ikakula, cable car imaima. Ikabweretsa mtambo womwe umayala pamwamba pa phiri ngati nsalu ya patebulo, mukhoza kukwera n'kukangoona nkhungu yokhayokha. Ubwino wake ndi woti phirilo mumaliona muli m'sitima. Dzukani, suzumirani panja. Likakhala poyera, pitani nthawi yomweyo mzere usanatalike, chifukwa cha m'ma 10 koloko anthu amakhala atadzaza. Likakhala litafunda, musadzinamize kuti pofika masana liyera. Tikiti gulani pa intaneti m'mawa womwewo mutaliona ndi maso, ndipo tengani juzi, pamwamba pamazizira ngakhale pansi kukutentha.

Kukafika patsinde pa phiri pali njira ziwiri zomwe anthu amatsutsana nazo: basi yofiira ya City Sightseeing kapena Uber, takisi yoitanitsa pa foni. Basi yofiira ndi ija yosanjikiza, yopanda denga pamwamba, yomwe mumatsika pomwe mwafuna n'kudzakwera ina yotsatira pa tikiti yomweyo. Imanyamukira pafupi ndi Two Oceans Aquarium, kudutsa m'katikati mwa tauni, kukwera mpaka pokwerera cable car, kutsetsereka ku Camps Bay n'kubwerera m'mbali mwa nyanja kudzera ku Sea Point. Mukakhala osatsika, kuzungulira konseko ndi pafupifupi ola limodzi ndi theka, mukumvera mbiri ya malowo pa tizomvera ta m'khutu. Kwa munthu yemwe ali yekha kapena awiri, ndipo ndi koyamba kufika, palibe china choposa apa. Chosowetsa mtendere n'choti imayenda mbali imodzi yokha. Mukatsika ku Camps Bay n'kuchedwa ndi ayisikilimu, simungaifulumizitse, ndipo madzulo msewu wa m'mbali mwa nyanjawo umadzaza. Musasokonezenso ndi njira ya buluu yopita ku Kirstenbosch ndi Hout Bay, imeneyo ndi yaitali kwambiri.

Mukakhala anayi, masamu amasintha. Matikiti anayi a basi amaposa Uber wa maulendo awiri kapena atatu a m'tauni, ndipo galimoto imakutengani molunjika. Koma pamafunika intaneti ya pa foni, pomwe ya m'sitima imathera pa geti. Konzani zimenezo musanatsike. Musadabwe woyendetsa akakuyankhani m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, abale athu ndi ambiri mumzindawu. Mabasi a MyCiTi ndi otchipa kuposa zonsezi, koma salandira ndalama pamanja, amafuna khadi lawo, ndipo kwa tsiku limodzi lokha kuthamangira khadilo n'kungodzivutitsa.

Njira yomwe ine ndimaikonda, ndipo sindibisa, ndi ya mapazi. Kungotuluka pa doko mupeza Zeitz MOCAA, nyumba yosungiramo zaluso zamakono za mu Africa yomwe inatsegulidwa mu 2017 m'nkhokwe yakale ya mbewu. Anasema konkire ya nkhokwezo mkati mwake moti ngakhale yemwe sasamala za zojambula amaima kukamwa kuli yasa. Lachitatu m'mawa nzika za mayiko a mu Africa zimalowa ulere zikaonetsa chiphaso, ndiye pasipoti yanu isatsale m'chipinda. Patsogolo pang'ono pali Clock Tower yofiira ija ya mu 1882, ma seal (nyama za m'nyanja) akuothera dzuwa pa matabwa a m'madzi popanda wolipiritsa kuwaona, ndi Nobel Square pomwe pali ziboliboli za Albert Luthuli, Desmond Tutu, F.W. de Klerk ndi Mandela, anthu a ku South Africa omwe analandira mphoto ya mtendere ya Nobel.

Kuchoka apo tengani Uber wa mphindi zochepa kupita ku Bo-Kaap, mudzi wa nyumba za mitundu yowala pamtsetse wa Signal Hill. Mu Dorp Street muli Auwal Mosque ya mu 1794, mzikiti wakale kwambiri m'dziko la South Africa. Ndi mudzi wa anthu, si chionetsero, choncho musakhale pakhonde la munthu kujambulitsa musanapemphe. Mukakhala komweko 12 koloko masana, mtima usadumphe: ndi mzinga wa pa Signal Hill womwe amaomba tsiku lililonse kupatula Lamulungu ndi masiku a tchuthi. Tsikani ndi Wale Street mpaka pa St George's Cathedral, pomwe anaika phulusa la Tutu mu Januwale 2022, kenako lowani mu Company's Garden, dimba lomwe Adatchi anayamba kulima mu 1652 kuti sitima zodutsa zizipeza ndiwo zamasamba. Kulowa n'kwaulere, ndipo agologolo ake saopa munthu ngakhale pang'ono. Pa Greenmarket Square pali zosemasema, koma Mmalawi akaziona amangoseka, zambiri n'zofanana ndi za kwathu pamtengo wa alendo. Njala ikakupwetekani, funsani gatsby, buledi wautali wodzaza tchipisi ndi nyama. Mmodzi amakwanira anthu atatu.

Kuzungulira konseku ndi maola 3 kapena 4, ndipo paliponse pomwe mwaima muli pamtunda wa mphindi 15 pa galimoto kubwerera ku doko. Foni isamayende m'manja mukakhala m'misewu ya m'tauni, ndipo chikwama chikhale kutsogolo.

Tsiku loti phiri layera, ine ndimachita chonchi: Uber kupita ku cable car m'mamawa, kutsika isanakwane 12 koloko, Bo-Kaap ndi Company's Garden masana, ndipo ola lomaliza ndimalithera pa Waterfront, pa benchi yomwe ndikuonera sitima yanga.