Botolo lomwera akalulu m'nyengo ya chiperoni

Botolo lapulasitiki la theka la lita, lija la kampopi kachitsulo, ndi labwino ndithu: ndowe ndi udzu sizigweramo. Limavuta mu Juni ndi Julayi. Kuno ku Mulanje chisanu choumitsa madzi chimagwa pamwamba pa phiri, m'midzi ayi, koma madzi akazizira kwambiri kalulu amangolawa pang'ono, kudya n'kuchepa, ndowe n'kumatuluka zing'onozing'ono zouma.

Botololo livekeni sokosi yakale yaubweya. Thirani madzi ofunda, osati otentha, m'mawa ndi madzulo, ndipo kankhani kampira ka pampopi ndi chala muone dontho likutuluka, chifukwa kamatha kukakamira ngakhale botolo lili lodzaza. Osathiramo mchere. Tchingani khola ndi chiguduli kumene kukuchokera mphepo. Usiku mbale yadothi yolemera imaposa botololi.