Dune: Part Two ndi filimu yamphamvu, koma osaonera pa foni

Filimu ya Denis Villeneuve iyi idatuluka mu Malichi 2024, ndi yotalika mphindi 166, ndipo ambiri muno mu Blantyre akuionera m'njira yoipha. Theka la mphamvu zake lili m'makutu. Mu 2025 idapata mphoto ziwiri za Oscar, ina ya kamvekedwe ka mawu, ina ya zithunzi zapakompyuta.

Taonani pamene mwininkhani, Paul Atreides (Timothée Chalamet), akukwera koyamba chinyongolotsi cha mumchenga. Wojambula Greig Fraser sakuonetsani chilombo chonse. Mumangoona fumbi lili koboo, mbedza ziwiri, ndi mnyamata akulimbana kuti asagwe. Kukula kwa chilombocho mumakumva m'chifuwa chifukwa cha kugunda kwa sipika, zomwe foni singakwanitse. Lumikizani TV ku sipika zazikulu, ndipo muonere usiku, chifukwa zambiri zimachitikira m'mapanga amdima.

Mukamaikitsa pa flashi ku Limbe kapena ku Ndirande, kanani fayilo yopanikizidwa ya 700MB. Imaphwanya mdima n'kuusandutsa timabokosi, nkhope osaonekanso. Funsani ya 1080p, yooneka bwino. Musanalipire, auzeni akuseweretsereni pomwe Stilgar (Javier Bardem), mtsogoleri wa anthu a m'chipululu otchedwa Fremen, akulankhula, muone ngati mawu akulembedwa pansi. Anthu a Fremen amalankhula Chakobsa, chilankhulo chopeka, ndiye popanda mawuwo mungotsala m'malere.

Chomwe chimandikoka mtima ndi nkhani ya ulosi. Paul akudziwa kuti ulosi wa mpulumutsi udadzalidwa dala ndi gulu lachinsinsi la amayi lotchedwa Bene Gesserit, akudziwanso kuti akauvomera anthu miyandamiyanda afa, koma pamapeto pake akuugwiritsa ntchito. Stilgar amayamba ngati woseketsa, kenako chikhulupiriro chake chimayamba kuopsa. Ife amene timaona aneneri akudzaza mabwalo, izi sizachilendo. Chani (Zendaya), mtsikana wa Fremen yemwe ndi bwenzi la Paul, ndiye amakana kugwada, ndipo nkhope yake ikunyamula mkwiyo wonse wa filimuyi. Zochitika panja m'dziko la adani a Paul, la Giedi Prime, adazijambula ndi kamera ya infrared (yojambula kuwala kosaoneka ndi maso), khungu la mdani wake Feyd-Rautha (Austin Butler) lili mbee ngati ufa woyera, mpaka thupi kuchita tsembwe.

Zofooka zilipo ndithu. M'buku la Frank Herbert la 1965, Paul amakhala ndi a Fremen zaka zingapo. M'filimu muno Jessica, mayi ake a Paul, ali ndi pathupi kuyambira pachiyambi mpaka pomaliza, kutanthauza kuti Paul, mlendo, wasanduka mtsogoleri wa dziko lonse miyezi 9 isanathe. Zimavuta kukhulupirira. Nkhondo yomaliza, imene taidikira maola awiri, imatha mothamanga, ndipo mfumu yaikulu, imene akusewera Christopher Walken, imaoneka yofooka moti kugwa kwake sikugwedeza munthu.

Filimuyi sibwereza zakale. Amene sadaonere gawo loyamba la 2021 ayambe ndi limenelo, apo ayi sadzamvetsa chifukwa chake aliyense akuphana kaamba ka spice, fumbi lamtengo wapatali lopezeka mumchenga wa m'chipululumo. Kuphana ndi mipeni kulipo kwambiri, ana aang'ono agone kaye.